Mwendo Wachitatu wa Tebulo

Wometa anagwa kuchokera pamwamba pa mabenchi osanjikizana, n'kutera chagada pa matiresi. Fumbi linabuka. Anagona pomwepo maso ali kudenga, kudikira kuti wina amuuze kuti wafa bwino.

"Taimani kaye," anatero a Tebulo, mtsogoleri wa gulu la zisudzolo. "Wagwa, tonse taona. Koma wagweranji?"

"Ndagwa chifukwa pepala likuti ndigwe," anayankha Wometa ali chigonere. "Ndidzuke kapena ndipitirize kufa? Kushopu ndasiya munthu mutu uli theka."

Anthu anaseka. Mlembi sanaseke. Anali pampando wake wa pafupi ndi zenera, mapepala a sewero ali pamiyendo. Dzina la Mlembi anamupatsa ndi a m'gululo. Ntchito yake yeniyeni inali pa kashopu ka fotokope, ndipo seweroli analilemba pomwepo, nthawi imene makasitomala atha.

Linali sewero la achimwene ake. Aliyense m'holomo ankadziwa, ngakhale panalibe wotchula. Achimwene akewo anali mmisiri womanga, ndipo anagwa kuchokera pa nsanja ya zitsulo pa nyumba yosanja imene kampani ina inkamanga. Lipoti la kampani linati munthuyo anamasula yekha lamba womugwira. Anzake a pantchito anati ngowe ya lambayo inali yakutha, sinkatsekeka, ndipo kapitawo anauzidwa kambirimbiri. Mkazi wa malemuyo anakhulupirira anzakewo. Anakasiya dandaulo ku ofesi yoona madandaulo a antchito, ndipo tsiku lomva nkhaniyo linali litayandikira.

A Tebulo anakokera pakati katebulo kawo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, munthu waulemu, amene anapitako ku maphunziro a kalembedwe ka masewero n'kubwerako ndi chiphunzitso chimodzi chimene ankachikonda ngati mwana wachisamba. N'chimene chinawapatsa dzina.

"Nkhani ndi tebulo," anatero.

"Miyendo inayi!" linayankha gulu lonse ngati ana a sukulu.

"Sekani, koma mudzandithokoza. Mwendo woyamba: munthu akufuna chiyani? Wathuyu akufuna kumaliza ntchito apite kwa mkazi ndi mwana. Ulipo. Wachiwiri: chikumutchinga n'chiyani? Kapitawo wankhanza. Ulipo. Wachinayi ndi phunziro, limene anthu apite nalo kunyumba. Koma phunziro silibwera popanda wachitatu." Anagogoda mwendo umodzi ndi choko. "Chilema cha mumtima mwa munthuyo. Chinthu cha iye mwini chimene chimamukankhira kudzenje. Mlembi, munthu wako alibe chilema. Ndi mngelo wovala ovololo."

"Ngowe inali yakutha," anatero Mlembi.

"Ndamva, mwanawe. Koma ngowe singaime pa siteji n'kulankhula. Munthu akagwa chifukwa chitsulo chatha, imeneyo ndi ngozi. Ngozi ndi uthenga wa pa wailesi, si sewero. Oonera amati pepani, n'kuyamba kufufuza nsapato pansi pa mpando."

"Tsoka silinunkha."

"Zoona. Koma oweruza mpikisano umene tikukonzekerawu amafuna linunkhe kuyambira pachiyambi." A Tebulo anatsitsa mawu. "Sindikunena za achimwene ako. Mulungu ause mzimu wawo. Ndikunena za munthu wa m'sewero. Ameneyo si mbale wako. Mupatse chilema, adzakhala wamoyo."

Telala, amene ankasewera ngati mkazi wa mmisiriyo, analowerera. "Mupatseni mowa. Amuna onse chilema chawo ndi chomwecho."

"Kapena akazi," anatero Wometa akudzisasa fumbi. "Mundipatse chibwenzi m'seweromu, poti kunjaku zakanika."

"Ndi mutu wakowo? Wometa wadazi ndani angamukhulupirire?" anatero Telala.

"Sankamwa," anatero Mlembi. Mawu ake anali osalala, ngati akuwerengera kasitomala zimene zalembedwa pa pepala. "Analibe chibwenzi."

"Ndiye ankatani chimene chinkakutopetsani pakhomo?" anafunsa a Tebulo. "Palibe munthu wopanda kake."

Mlembi anayang'ana pazenera. Kunja mphepo inkakankha pepala la pulasitiki pa waya wa mpanda. Chiikireni maliro, mumtima mwake munali ngati m'chipinda chimene asamukamo anthu. Ankadya, ankasamba, ankayankha moni. Anthu ankati ndi wolimba mtima. Funso la a Tebulo linalowa m'chipindamo n'kupeza yankho lili poyera.

"Ankafulumira," anatero. "Ankadya ali chiimire. Zingwe za nsapato ankamangira m'basi. Munthu ukamalankhula ankakumalizira mawu."

A Tebulo anaomba m'manja kamodzi. Nkhope yawo inawala.

"Ndi umenewo! Mwendo wachitatu! Taonani mmene zikugwirizanira. Wofulumirayu ali pamwamba, dzuwa likulowa, mwana akumudikira kunyumba. Lamba akumuchedwetsa, chifukwa sitepe iliyonse ayenera kukola, kumasula, kukola. Ndiye achita chiyani?"

"Amasula," anatero Wometa.

"Amasula yekha! Ndipo phunziro labwera lokha ngati mlendo wodziwa njira: kuthamanga si kufika."

"Zimenezo n'zimene inalemba kampani," anatero Mlembi.

Telala anawerama n'kuyamba kuchotsa kaulusi pa siketi yake.

"Kampani inalemba lipoti," anatero a Tebulo mofatsa. "Iwe ukulemba sewero. Kapitawo tisamuchotse, akhale wankhanza ndithu, amufulumizitse. Oonera adzadana ndi kapitawoyo. Koma dzanja lomasula likhale la munthu wathu. Apo ndiye anthu adzalira. Kayese. Zikakana, tibwerera ku zakalezi."

Mlembi anayesa. Anayembekeza kuti dzanja likana, koma silinakane.

Analemba ku shopu, makina a fotokope akuyendetsa kuwala kwawo uku ndi uku pansi pa galasi. Anayamba ndi mmisiri akudya ali chiimire, mkazi akumukokera mpando, iye n'kuukankha ndi phazi. Anaikamo mawu amene achimwene ake ankakonda kunena potuluka pakhomo: "Zotsalazo mundiuza madzulo." Anaikamo kaluzu kamene ankaimbira m'mano. Chilichonse chimene anaika koyambirira chinkapeza malo ake kumapeto, ngati mabatani ndi mabowo ake. Sewero lakale linali ndi malo ofooka amene ankawalumpha powerenga. Latsopanoli linalibe. A Tebulo sananame. Tebulo linaima.

Anazindikira kuti a kampani sanavutike chonchi. Lipoti lawo linali la mwendo umodzi wokha, lolembedwa ndi munthu wa taye amene sanakwerepo ngakhale pa ndowa, koma linaima ndithu chifukwa panali chidindo. Iye tsopano anali atawapatsa miyendo inayo kwaulere. Ganizoli linabwera, linakhala pang'ono, n'kupita. Kasitomala anafuna makope a chiphaso, kutsogolo ndi kumbuyo. Anamupangira.

Gulu linalandira mapepala atsopano ngati mvula yoyamba. Wometa anasiya nthabwala. Anaphunzira kaluzu ka mano mpaka makasitomala ake anayamba kudandaula. Ankabwera kwa Mlembi ndi mafunso.

"Achemwali, supuni ankaigwira chonchi kapena chonchi?"

"Chonchi."

"Akamaseka, mutu unkapita kumbuyo?"

"Kumbali."

"Kumbali. Zikomo." Ankapita pakona kukayeserera, mutu kumbali, ndipo Mlembi ankamuyang'ana monga munthu amayang'anira basi imene si yake.

Masana ena, akuyeserera sewero lonse kuyambira pachiyambi, chitseko cha kumbuyo chinatseguka pang'onopang'ono. Analowa alamu ake a Mlembi, mkazi wa malemu, atanyamula jumbo. Mlembi anakumbukira. Kale, sewero lisanasinthe, anawapempha ovololo ya achimwene kuti Wometa adzavale. Alamuwo anati auona kaye mtima. Mtima unali utalola lero.

Anakhala pa benchi ya kumbuyo, jumbo pamiyendo. Anakweza dzanja pang'ono kupereka moni kwa Mlembi, n'kuloza ku siteji kuti asasokoneze.

Mlembi akanatha kuimirira. Akanatha kunena kuti imani, kapena kuwatulutsa alamuwo panja ngati pali nkhani ya pabanja. Anaona zonsezi bwinobwino, monga munthu amaonera kapu ikugubuduka kupita kumphepete kwa tebulo. Miyendo yake inangokhala pamene inali.

Pa siteji Wometa ankadya ali chiimire. Telala anamukokera mpando, iye anaukankha ndi phazi. Kumbuyo kunamveka kaphokoso. Alamu anali ataseka, dzanja lili pakamwa.

"Bambo a mwana, ndimati ndikuuzeni za sukulu ya..." anayamba Telala.

"Zotsalazo mundiuza madzulo," anatero Wometa, n'kutuluka akuimba kaluzu, zingwe za nsapato zikukwekwereka.

Alamu sanasekenso. Anasendera kutsogolo kwa benchi. Milomo yawo inkayenda pang'ono, ngati akuyankha.

Sewero linayenda. Kapitawo anakalipa, analoza dzuwa, anaopseza. Wometa anakwera mabenchi, lamba ali m'chiuno, chingwe chake atachikola ku chitsulo cha zenera. Anakola, anamasula, anasuntha, anakola. Anayang'ana dzuwa. Anayang'ana pansi kumene kapitawo ankakuwa. Anapukusa mutu, anaseka mutu uli kumbali, n'kunena kuti, "Aaa, kamodzi kokha." Anamasula ngowe, naisiya ikulendewera. Anaponda sitepe imodzi, yachiwiri.

Anagwa. Fumbi linabuka.

Telala, amene amayenera kulowa akulira, anali ataima kumbali akulira zenizeni. A Tebulo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye.

"Mwaona?" anatero a Tebulo. "Mwaona, ana inu? Tsopano tikudziwa chimene wagwera."

Chitseko cha kumbuyo chinatsekeka. Pa benchi panatsala jumbo.

Mlembi anawapeza alamu ake pamalo okwerera basi. Anaima pafupi ndi mtengo wa magetsi, manja atapinda pachifuwa. Maso awo anali ouma.

"Alamu."

"Mnyamata uja amatha," anatero alamuwo osatembenuka. "Ndinamva ngati ndimuitane adzamalize chakudya."

"Alamu, lija ndi sewero chabe."

"Anakuuzani ndani?"

"Chiyani?"

"Zoti anamasula. Anzawo aja? Akuuzani inu poti ndinu magazi awo, ine akundibisira poti ndine wobwera?"

"Palibe anandiuza. Ndinapeka."

"Mpando munapeka?"

"Ayi."

"Nsapato? Kaluzu? Mawu aja a madzulo?"

"Zimenezo n'zoona. Koma zomasula lamba ndinapeka. Aphunzitsi athu amati nkhani iyenera kukhala ndi miyendo inayi, ndiye mwendo wachitatu..." Anasiya. Mawuwo, atatuluka panja pa holo, anamveka ngati a munthu wodwala malungo.

Alamu anatembenuka n'kumuyang'ana. Sanali okwiya. Mlembi akanakonda akanakwiya.

"Mlamu, ine ndagona ndi lipoti lija pamutu miyezi yonseyi. Ndimati anthu awa sakuwadziwa, akungolemba. Munthu amene sanawaonepo akudya anganene chiyani? Koma inu munakula nawo mbale imodzi." Anayang'ana kumsewu. "Kamodzi kokha. Ndi mmene ankanenera. Podutsa msewu, pokonza magetsi osathimitsa, ponyamula mwana panjinga. Kamodzi kokha, mayi a mwana. Ine ndinali nditaiwala dala. Inu mwandikumbutsa."

"Ngowe inali yakutha. Anzawo anaiona."

"Inali yakutha, inde. Nanga ngati sanaikole n'komwe?"

"Sitikudziwa."

"Eya. Sitikudziwa." Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "M'mawa uno ndimadziwa."

Basi inafika. Kondakitala anamenya chitseko akuitana anthu.

"Ku ofesi kuja tipitira limodzi," anatero Mlembi. "Ndidzakutengani kunyumba."

"Ndikaime pamaso pa anthu, ndilumbire kuti mwamuna wanga sakanamasula lamba? Ndi pakamwa pati?" Anaponda pa chitseko cha basi. "Mwana ndinamuuza kuti bambo ake anaphedwa ndi chitsulo chakutha. Musadzamuonetse sewero lanulo. Chokhacho ndikupempheni."

Basi inanyamuka. Mlembi anaima mpaka utsi wake unatha, kenako anabwerera ku holo.

Anapeza atatsegula jumbo. Wometa anali atavala ovololo ya achimwene, akutembenuka kuti Telala aone ngati pakufunika kubweza. Inamukwana ndendende. Pa bondo panali chigamba, m'thumba la pachifuwa munali kapensulo kafupi ka mmisiri.

"Ngati anandiyeza," anatero Wometa. Ataona nkhope ya Mlembi anasiya kumwetulira. "Achemwali, mayi aja ndi...?"

"Vulani."

Anavula msanga, mwendo umodzi n'kukodwa. Mlembi anaipinda ovololoyo, manja mkati, monga ankaipindira alamu ake.

"Seweroli lisachitike," anatero.

A Tebulo anabwera pafupi. "Mwanawe, ndikanadziwa kuti abwera, sindikanalola. Pepa. Ndipita ndekha kukawapepesa."

"Mukawauza chiyani?"



"Bwezerani lakale lija," anatero Mlembi. "Agwe chifukwa cha ngowe."

"Lakale lija silingapambane. Iwenso ukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ili ndi sewero labwino kuposa onse amene gululi lachitapo. Taganiza za anzakowa. Atseka mashopu masana onsewa." Anausa moyo. "Tisinthe ntchito ya munthuyo. Akhale wokonza magetsi. Akhale woyendetsa galimoto. Palibe adzadziwe."

"Adzadyabe ali chiimire?"

"Chimenecho ndiye mtima wa sewero."

"Ndiye ayi."

Telala anayamba kutolera mapepala a anthu mmodzimmodzi, popanda womutuma. Ena anapereka msanga. Amene ankasewera kapitawo anagwira ake kanthawi, n'kudandaula chapansipansi kuti mawu onse ali kale m'mutu, nanga m'mutumo achotsamo bwanji. Wometa anamuponda phazi. Mlembi analandira mulu wa mapepalawo, anauika m'jumbo pamwamba pa ovololo, n'kutuluka. Palibe anamutsatira.

Tsiku la ku ofesi anadzera kwa alamu ake m'mawa. Chitseko chinali chokhoma. Mayi woyandikana nawo, akuyanika zovala, anati atenga mwana apita kwa amayi awo, sananene tsiku lobwera.

"Sanasiye uthenga?"

"Anangoti ndiziwathirira maluwa."

Ku ofesi kunali khonde lalitali la mabenchi awiri ndi fani imene inkazungulira osabweretsa mphepo. Anzawo awiri a malemu anali atafika kale, atavala malaya oyera a kutchalitchi, zipewa zili m'manja. Anali atapempha tchuthi kwa kapitawo yemwe uja, ndipo ankadziwa kuti mwina mawa sadzapeza malo awo. Wamkulu pa awiriwo anaimirira kumupatsa Mlembi moni ndi manja awiri.

"Mayi aja ali m'njira?"

"Sindikudziwa."

"Afika. Mayi aja ndi chitsulo. Atiyendera mpaka kunyumba kuti tisabwerere m'mbuyo."

Kumapeto kwa khonde kunakhala munthu wa kampani, wa taye, akusewera ndi foni. Sanayang'ane aliyense.

Anadikira. Anthu ena analowa, anatuluka. Mayi wina anatuluka akutukwana, bambo wina akuseka. Dzuwa linasuntha pa simenti kuchoka pa phazi la benchi kufika pa khoma.

Kalaliki anatulukira ndi fayilo. Anatchula dzina la alamu. Anzawo a malemu anayang'ana kuchipata. Anatchulanso.

Mlembi anaimirira. "Ndine mlongo wake wa malemu."

"Wodandaula ndinu?"

"Ayi. Ndi alamu anga."

"Ali kuti?"

"Sanabwere."

"Adwala? Ngati adwala tikhoza kusuntha tsiku, bola mubweretse umboni wa kuchipatala."

Wamkulu uja anamuyang'ana Mlembi, maso akumupempha kuti anene kuti inde. Linali bodza laling'ono, losavuta kupeka kuposa onse amene analembapo. Koma tsiku likanasunthidwa, alamu akanayenerabe kudzaima m'chipindamo n'kulumbira.

"Sakudwala," anatero.

Kalaliki anakweza mapewa. Anatchula dzinalo kachitatu, mokweza, kuyang'ana khonde lonse monga lamulo limafunira. Kenako analemba mawu ochepa pa chikuto cha fayilo n'kuitana wotsatira.

Munthu wa kampani anaika foni m'thumba, anadutsa pakati pawo akupepesa kuti amupatse njira. Anzawo a malemu anavala zipewa. Wamng'onoyo anafuna kulankhula, koma wamkulu anamugwira mkono, ndipo anatsika masitepe osatsanzika.

Mlembi anakhalanso pa benchi. Mayi amene anali pafupi anamufunsa ngati ali pamzere.

"Ayi," anatero. "Pitani."